Belu la Nangozo

Nkhani ya belu la pa parishi ya Mpondamwala imakambidwa pawiri, ndipo onse amene amaikamba anali pomwepo.

Mukakhala pansi ndi akatekisiti a Likagwa, adzakuuzani kuti mlandu wonse unali wa msomali. Amati chitsulo cha m'kati mwa belu, chimene kumeneko amachitcha lilime, chimalendewera pa msomali umene unakhomedwa kalekale, ansembe achizungu akumanga nsanja ya njerwa ija. Msomaliwo utadyeka, lilime linayamba kugwedera. Mphepo ya mwezi wa Juni ikalowa pa mazenera a nsanja, lilime linkakhudza belu kamodzi, basi. Akamaliza amatsegula kabati ya mu ofesi n'kukuonetsani msomaliwo.

Koma mukatsetsereka mpaka pa mphambano pamene mayi Sikolasitika amagulitsa mbatata yootcha, adzakumvetserani mpaka mumalize, kenaka adzakufunsani kuti ndi msomali wanji umene umadziwa kutereka madzi osamba.

Awiriwa amagwirizana pa maina a anthu ndi pa chimene Rozina Nachisale anachita pomaliza. Zapakatizo mverani nokha.

Woliza belu anali a Atanaziyo Kanyemba, ndipo anali atagwira ntchitoyo zaka makumi atatu. Mu nsanjamo muli zingwe ziwiri. Chachikulu, cha khonje, chimagwedeza belu lonse, ndicho cha Misa ndi cha pemphero la Mngelo limene limalira m'mawa, masana ndi madzulo. China ndi kachingwe kowonda komangirira ku lilime. Kameneko n'ka maliro. Kamaliza belu kamodzikamodzi, ndipo mwambo wa pa Mpondamwala unali wakuti sikagwiridwa popanda munthu womwalira.

A Kanyemba anathyola mwambowo chaka chimene anakwatira Benedeta Nangozo, mkulu wawo wa mayi Sikolasitika. Bambowa anali ndi chifuwa chobadwa nacho, chosagwirizana ndi madzi ozizira. Akaliza belu la madzulo ankayamba atseka mazenera a tchalitchi ndi kuzimitsa makandulo, tsiku lina msanga, tsiku lina mochedwa, madzi osamba n'kumazizira pabafa. Ndiye anapangana ndi mkazi wawo kuti akamatuluka azikoka kachingwe kaja kamodzi, mofatsa, ndiko kuti ndikubwera, tereka madzi. Nyumba yawo inali kutsidya kwa dambo, ulendo wokwanira kuti ndowa ifunde.

Ansembe ankasinthana. Aliyense watsopano ankafunsa kuti wamwalira ndani, ankauzidwa, ankaseka, nkhani n'kuthera pomwepo. Amayi a m'midzi yozungulira nawo anayamba kuterekera amuna awo madzi akamva kulira kumeneko, ndipo anakupatsa dzina lakuti belu la Nangozo.

Benedeta anamwalira dzinja lina. Belu la maliro ake analiza ndi munthu wina, poti mwini maliro sadzilizira. Koma madzulo a tsiku limene anamuika, pemphero la Mngelo litatha, anthu anamva kulira kuja, kamodzi, mofatsa, ndipo amayi amene anali atapukuta kale misozi anayambanso. Kuyambira pamenepo a Kanyemba sanaphonye tsiku. Chaka chitatha akuchikazi anawasudzula monga mwa mwambo, ndipo patapitanso zaka ziwiri anakwatira Rozina.

Rozina sanali mkazi woipa mtima, izi ngakhale mayi Sikolasitika amavomereza. Anali wa kuseri kwa phiri, wa zaka makumi anayi, wamanja olimba ndi wosalankhulalankhula. Mwamuna wake woyamba anapita ku Joni, anakwatira kumeneko, n'kumwalira komweko osalemba ngakhale kalata. Zaka khumi ndi ziwiri Rozina anadikira munthu amene ankasambira madzi a mkazi wina. Pobwera ku Mpondamwala sankafuna zambiri. Ankangofuna kuti kamodzi m'moyo wake akhale mkazi yekhayo wa munthu.

Sabata yoyamba, a Kanyemba atamuuza tanthauzo la kulira kuja, Rozina anakondwa. Ankakhala pa khonde kudikira, ndipo likalira ankathamangira pamoto ngati mtsikana. Dzina la belulo analimvera ku mjigo. Linalira iye ali pa mzere, amayi onse n'kuyamba kusenza ndowa zawo mofulumira, ndipo wina anamugwira paphewa.

"Simunamve la Nangozo, mayi? Tsogolani ndinu, madzi a abambo angachedwe."

Wina anawonjezera kuti Rozina anali ndi mwayi, wakwatiwa m'nyumba yokhala ndi wotchi kale. Anaseka onse, osati mwachipongwe kwenikweni, koma Rozina anafika kunyumba ndowa ili theka.

Anapirira miyezi isanu ndi itatu. Ankaphikira pa mafuwa a Benedeta, ankasesa bwalo limene Benedeta anazira, ndipo zonsezo sizinkamuvuta, poti miyala ilibe pakamwa. Koma belu linali nalo pakamwa. Tsiku lililonse dzuwa likalowa, dera lonse linkamva mwamuna wake akuitana mkazi wina, iye n'kudzuka kukayankha.

Loweruka lina gulu lawo la amayi linali pa ntchito yosesa tchalitchi, ndipo Rozina analowa mu nsanja koyamba. Munali mdima ndi fungo la mileme. Pa kachingwe ka maliro, pamene pamagwira dzanja, panali pokulungidwa ndi kansalu kong'ambidwa ku chitenje chabuluu, kakuda ndi thukuta. Mayi wina anamuuza kuti Benedeta ankasintha kansaluko chaka chilichonse pa Pasaka kuti kachingwe kasacheke mwamuna wake m'manja, ndipo kameneko kanali komaliza. Anzake atatuluka, Rozina anatsala. Anamasula kansalu kaja ndi mano, anang'amba mpendero wa chitenje chake chofiira n'kukulunga pamalopo. Kabuluu anakapisa m'chiuno kuti akakatenthe, koma atafika pamoto dzanja linakana. Anakaika pansi penipeni pa sutikesi yake n'kukhoma.

Madzulo a tsikulo a Kanyemba anafika kunyumba. Atasamba, Rozina anawafunsa ngati sangasiye kuliza kachingwe kaja, poti iye nthawi ankaidziwa kale ndipo madzi sadzachedwa.

"Ndi chizolowezi cha manja chabe, Nachisale," anatero.

"Mukamakoka, abambo, mumaona nkhope ya ndani?"

A Kanyemba sanali munthu wodziwa kunama. Anayang'ana zikhatho zawo nthawi yaitali. Pomaliza anati wanena zoona, munthu sakhala ndi nyumba ziwiri, mawa sadzaliza.

Mawa lake pemphero la Mngelo linalira n'kutha. Anthu amati amayi anaima pa makomo awo, nkhuni zili m'manja, kudikira. Sikunamveke kanthu. A Kanyemba anapeza madzi ali pabafa kale, akufuka nthunzi, ndipo Rozina anagona usiku umenewo ngati munthu amene wazula munga. Masiku atatu anapita chomwecho.

Tsiku lachinayi a Kanyemba anali atafika kale pabwalo. Anakhala pa mpando wawo akuvula nsapato, makiyi a nsanja ali pa bondo. Kunja kunali chisisira, mphepo ya Juni ikuwomba kuchokera ku phiri. Pamenepo belu linalira, kamodzi, mofatsa.

A Kanyemba anaimirira nsapato imodzi ili kuphazi. Anayang'ana ku nsanja, kenaka anayang'ana makiyi amene anagwera pansi.

"Ndi mphepo," anatero.

Rozina anavomera kuti ndi mphepo. Koma atanyamula ndowa pamoto kupita nayo kubafa, anapeza miyala yopondapo ili yonyowa kale, ndipo m'mipanda ya udzu munali fungo la sopo wofiira uja wonunkhira zakuchipatala, amene iye sanagulepo chikwatiwire. Chinkhupule cha a Kanyemba, chimene chinkakhala pa msomali wa pa mtengo, panalibe. Anafunafuna kuseri kwa bafa poganiza kuti mbuzi zagwetsa. Sanachipeze.

Mawa lake linaliranso, a Kanyemba ali pakati pa dambo. Mkuja wake chimodzimodzi. Anthu ankaganiza kuti wolizayo ndi iwo, ndipo ku mjigo anamuseka Rozina kuti walephera kulamula mwamuna ngakhale sabata imodzi. Iye sanawauze kuti nsanja inkakhala yokhoma.

Kenaka a Kanyemba anayamba kuchedwa. Belu linkalira, Rozina ankatereka madzi ngakhale mtima ukuwawa, madzi ankafunda, ankazizira, ankawabwezera pamoto. Iwo ankafika mdima utagwira, akuyenda pang'onopang'ono. Tsiku loyamba Rozina atati madzi ali pabafa, anayankha osamuyang'ana kuti asamba kale. Anawayandikira. Tsitsi lawo linali lonyowa, khosi lofunda, ndipo ankanunkhira sopo wofiira. Atawafunsa kumene asamba, anakwinya nkhope ngati munthu amene akukumbukira loto, n'kunena kuti sakudziwa bwino, mwina kunyumba konkuno.

Mkazi aliyense amadziwa tanthauzo la mwamuna wobwera kunyumba atasamba kale. Rozina analidziwa zaka khumi ndi ziwiri. Ndipo kunena zoona, mtima wake unakhala ngati wapepukako, poti mkazi wamoyo ali ndi khomo loti n'kugogodapo. Anaganizira akazi onse a pa Mpondamwala n'kuima pa mmodzi, mng'ono wake wa malemu, wamasiye, amene anthu ankanong'ona kuti akanalowa m'nyumbamo a Kanyemba akanafuna.

Anawapeza mayi Sikolasitika masana akukupiza moto pa mbaula. Rozina anapereka moni, anagula mbatata imodzi, kenaka anafunsa ngati masiku ano akugula sopo wofiira.

Mayi Sikolasitika anasiya kukupiza. Anamuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi, n'kuseka mpaka kutsokomola.

"Ine? Alamu anga aja, a miyendo ngati ya kakowa? Mayi, ndinasambitsa mwamuna mmodzi zaka makumi awiri, komaliza ndinamusambitsa ali mtembo. Ndowa yanga inapuma."

Koma Rozina atafotokoza za miyala yonyowa ndi za tsitsi, kuseka kunatha. Anamukokera kuseri kwa chisakasa n'kumukhazika pa thumba la makala. Anamuuza kuti Benedeta ali m'chipatala, masiku ake omaliza, sankadandaula za ana, poti anali atakula kale ndipo anali ku tauni. Ankangofunsa kuti madzi a abambo adzatereka ndani, chifuwa chija chingawaphe. A Kanyemba anamulonjeza kuti adzapitiriza kuliza, ndipo iye akamamva azidziwa kuti akupita kunyumba ndipo kunyumbako kuli moto.

"Ndipo kumbukirani kuti n'kachingwe kati," anatero mayi Sikolasitika. "Chingwe chachikulu chimaitana amoyo. Kakang'onoko n'kamene ogona kumanda, ku mabulugamu kuja, amamva. Ife tinawasudzula alamu, inde, tinameta, tinadya. Koma mwini wakeyo ankamva belu lake tsiku ndi tsiku. Litasiya, mukuganiza kuti anaganiza chiyani?"

Rozina anati ndiye kuti malemuwo anali ansanje. Mayi Sikolasitika anayankha kuti mwina, mkulu wawo sanali mngelo, koma mwinanso ankangoona ngati mwamuna wake watayidwa. Anawonjezera kuti ngati zinali nsanje, ndiye kuti m'nyumbamo munali ansanje awiri, ndipo wamoyoyo ndiye anayamba.

Pobwerera Rozina anatsegula sutikesi. Loko anali wokhoma bwinobwino, zovala zili mmene anazipindira. Kansalu kabuluu munalibe.

Madzulo amenewo sanatereke madzi. Anafunda nsalu n'kukabisala kuseri kwa mkungudza waukulu wa pafupi ndi tchalitchi. Pemphero la Mngelo linalira. Anamva mazenera akutsekedwa limodzi limodzi. Anawaona a Kanyemba akutuluka, akukhoma chitseko cha nsanja, akuchikankha kuti aone ngati chagwira, n'kuika makiyi m'thumba. Anawatsatira chapatali. Njira ya kumeneko ikatsika pang'ono imagawika, kumanzere imapita ku dambo ndi kunyumba, kumanja imalowa m'mabulugamu kumene kuli manda a parishi. A Kanyemba anakhotera kumanzere. Anayenda mapazi ngati khumi.

Belu linalira kumbuyo kwawo.

Anaima. Sanadzidzimuke ayi. Anatembenuka mmene amatembenukira munthu akaitanidwa ndi mawu amene anawazolowera, anabwerera pa mphambano n'kulowa njira ya kumanja.

M'mabulugamu munali mutada kale kuposa kunja. Rozina ankamva masamba ouma akuphwanyika pansi pa nsapato za mwamuna wake, ndipo patapita kanthawi anazindikira kuti akumvanso phokoso lina, lakutsogolo, la chigwiriro cha ndowa chikugunda m'mbali, ke, ke, ke, mogwirizana ndi kuyenda kwa munthu. Atasuzumira anaona kuti patsogolo pa a Kanyemba pali mayi wosenza ndowa. Sankathamanga ndipo sankacheuka. Ankayenda ngati mkazi amene akudziwa kuti mwamuna ali pambuyo. Pamwamba pa ndowayo nthunzi inkakwera mu mphepo yozizira. Chitenje chake chinkaoneka chabuluu, chong'ambika mpendero, koma mumdima wotero mitundu imanama, ndipo Rozina mpaka lero salumbira.

Chimene amakumbukira bwino n'chakuti sanachite mantha poyamba. Chinayamba kumugwira ndi mkwiyo, poona mapewa a mwamuna wake. Anali omasuka, otsika, mmene iye anali asanawaonepo kunyumba.

"Abambo," anaitana. Mawu anatuluka ang'onoang'ono. Anaitananso, ndipo kachiwiriko anatchula dzina limene mkazi satchula pagulu. "Atanaziyo."

Phokoso la ndowa linasiya. A Kanyemba anacheuka, anamuyang'ana ngati mlendo, kenaka anayang'ana mitanda imene inali itayamba kuoneka pakati pa mitengo. Kutsogolo kunalibe munthu. Anayamba kunjenjemera, n'kutsokomola chifuwa chimene Rozina anali asanachimvepo, chochokera pansi penipeni. Anawagwira pamkono mpaka kunyumba, ndipo mkonowo unali wowonda kuposa mmene unalili mwezi wapitawo.

M'mawa anapita kwa akatekisiti. A Likagwa anamumvetsera mwaulemu ndipo sanamuseke. Anati munthu wolira mkazi wake amatha kupita kumanda osadziwa, makamaka akamuletsa njira imene ankalirira. Za tsitsi lonyowa anati kuseri kwa nyumba ya ansembe kuli mpopi, ndipo mwamuna wothawa nkhope yokwinya kunyumba amatha kusamba paliponse. Za mayi wosenza ndowa anati njira ya kumanda imapitirira mpaka ku midzi ya kumtunda. Za belu analonjeza kuti Loweruka akwera ndi mmisiri akaone. Rozina anaona kuti zonsezo zikhoza kukhala zoona. Anafunsa za kansalu ka m'sutikesi, ndipo a Likagwa anati makiyi a sutikesi sakhala kutali ndi mwamuna wa m'nyumba.

Asanatuluke anamupatsa nzeru ina. Anati a Kanyemba akula, bambo mfumu a parishi angavomere kuti apume, ndipo Rozina angawatengere kwawo kuseri kwa phiri, kumene belu silimveka.

Masiku awiri otsatira Rozina ankapita kukawachingamira pa mphambano, ndipo belu likalira ankawagwira malaya mpaka thupi lawo lisiye kukokera kumanja. Kunyumba ankasamba madzi ake, koma mwachangu, ngati munthu wosamba kwa eni. Chakudya ankangotola pang'ono. Rozina ankawayang'ana n'kumayeza njira zake. Kuwatengera kwawo kukanakhala kupambana, koma ankadziwa kuti munthu amene waliza belu zaka makumi atatu ukamuchotsa pa chingwe, wamuika kale m'bokosi, ndipo bokosilo likanabwerera ku mabulugamu komweko, pambali pa Benedeta. Kuwalola kuti ayambenso kuliza kukanawachiritsa mwina, koma ndiye kuti moyo wake wonse adzakhala wantchito wotereka madzi a mkazi wina. Kusiya zonse n'kubwerera kwawo yekha anakuganiziranso, ndipo anafika mpaka popinda zovala. Anasiya atawamva akutsokomola kuchipinda.

Loweruka masana a Likagwa anakwera makwerero a nsanja ndi mmisiri, anachotsa msomali wakale, anakhoma watsopano, n'kutsika ali mbuu ndi fumbi, akuuonetsa kwa aliyense. Unalidi wodyeka.

Madzulo ake Rozina anakoleza moto msanga. Anatereka ndowa, anayesa madzi ndi chigongono, anaivundikira ndi beseni n'kukankhira nkhuni kunja kuti makala okha atsale. Kenaka anavala chitenje chake chofiira n'kuuza a Kanyemba kuti awaperekeza. Iwo sanafunse chifukwa.

Mu nsanja munali kuwala pang'ono kochokera pa kazenera ka m'mwamba. A Kanyemba anagwira chingwe chachikulu n'kuliza pemphero la Mngelo, katatu, kupuma, katatu, kupuma, katatu, kenaka kasanu ndi kanayi motsatizana. Ngakhale anali ataonda, manja awo sanaphonye. Rozina sankayang'ana iwo. Ankayang'ana kachingwe ka maliro. Kansalu kake kofiira kanalipo, koma pamwamba pake panali pokulungidwa kabuluu, mfundo yake yomangidwa mwaluso kuposa yake.

A Kanyemba atapita kukatseka mazenera, iye anatsala yekha. Kulira kwa belu kunkazilala m'makoma. Mileme inasiya kuuluka. Anamva mazenera akutsekedwa, loyamba, lachiwiri, mpaka lomaliza, ndipo pamene mapazi a mwamuna wake anayamba kubwerera, anaona kachingwe kaja kakuwongoka pang'onopang'ono, mmene chimawongokera chingwe munthu akachigwira asanakoke.

Anakagwira. Kansalu kabuluu kanali kofunda ndi konyowa, ngati thaulo limene munthu wangopukutira. Anatsitsa dzanja mpaka pa kofiira. Kachingweko kanali kolimba, kosagwedezeka, ngati pali dzanja lina pamwamba pa lake limene silikufuna kusiya. Panali mawu amodzi amene anali atalumbira kuti sadzawanena kwa mkazi aliyense, wamoyo kapena wakufa, ndipo anawanena.

"Mayi akulu," anatero. "Ndine Nachisale. Madzi ndatereka kale, ndayesa ndi chigongono. Kunyumba kuli moto. Pumulani."

Sikunachitike kanthu kwa nthawi imene kwa iye inali yaitali. A Kanyemba anali ataima pakhomo, makiyi ali m'manja, osapuma. Kenaka kachingwe kanafewa, osati kamodzi n'kamodzi, koma pang'onopang'ono, ngati munthu akumasula chala chimodzi chimodzi. Rozina anakoka. Sanadziwe kukoka mofatsa, ndipo belu linalira mwamphamvu mpaka fumbi linayoyoka pa matabwa.

Kunja, pafupi ndi khomo, kunamveka ngati ndowa yatulidwa pansi, chigwiriro n'kugwera m'mbali. Atatuluka sanapeze ndowa. Pa sitepe panali chinkhupule cha a Kanyemba, chikudontha madzi. Rozina anachitola, anachifinya, n'kuchipisa m'chiuno.

Pa mphambano a Kanyemba anachepetsa liwiro. Anayang'ana kumanja, ku mabulugamu, ndipo Rozina sanawagwire malaya. Anangoima. Iwo anavula chipewa, anachigwira pachifuwa kanthawi, anachivalanso, n'kukhotera kumanzere. Kunyumba anasamba nthawi yaitali, ndipo Rozina ali kukhitchini anawamva akuimba nyimbo ya Misa chapansipansi, molakwitsa mawu.

Kuchokera tsiku limenelo belu silinalirenso lokha. A Likagwa amati n'chifukwa cha msomali watsopano, ndipo masiku amawavomereza. Mayi Sikolasitika amati n'chifukwa cha mawu aja, ndipo masiku amawavomerezanso, poti zonse zinachitika Loweruka limodzi.

Rozina sanalowerere mkangano wawo. Madzulo alionse amatereka madzi, amavundikira, amawoloka dambo, n'kudikira mu nsanja mpaka mazenera atsekedwe. Kansalu kabuluu sanakachotsenso. Kofiira amakasintha pa Pasaka, ndipo amagwira pamenepo pokha. Anthu akupitirizabe kulitcha belu la Nangozo, ngakhale pamaso pake. Koma aliyense wa makutu amadziwa kuti kulira kwake kunasintha. A Kanyemba anayesa kumuphunzitsa kukoka mofatsa, iye anakana. Amakoka mwamphamvu dala, kuti ku mabulugamu kuzimveka bwino kuti kunyumba kuli moto, ndiponso kuti dzanja ndi la ndani.

Tsiku lina a Likagwa anamupeza pakhomo la nsanja, kukugwa mvula, atanyowa mpaka m'mawondo. Anamumvera chisoni. Anamuuza kuti asamadzivutitse chomwechi, msomali anasintha kale, angathe kumakhala kunyumba n'kusiya kachingwe ka maliro kapume monga mwa mwambo wake.

Rozina anafinya mpendero wa chitenje chake.

"Msomali wanu ndinauona, akatekisiti, ndipo sindikutsutsa," anatero. "Koma ndikasiya ine, aliza ndani?"

Analowa n'kukagwira pa kofiira.